Helikopita ya Alamu Anga

Alamu anga anthu a mumsewu mwathu amawatchula kuti a Mawaya. Dzinali linachokera m'matumba a malaya awo: mukawapempha cholembera amapisa m'thumba n'kutulutsa waya, mukawapempha machesi amatulutsa waya wina. Akonza mawailesi, ma TV ndi masimbi amagetsi kwa zaka zoposa makumi atatu m'kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi shopu ya utoto. Ine ndimawotcherera zitseko ndi mawindo achitsulo kuseri kwa nyumba yomweyo, ndiye palibe tsiku limene sindiwaona. Anakwatira achemwali anga ine ndikadali wamamina. Achemwaliwo ndi telala, ndipo makina awo nthawi imeneyo ankakhala pakhonde kunyumba.

Alamu si munthu wa mowa, za mpira sazidziwa, ndewu sanachitepo. Vuto lawo linali limodzi, ndipo linabwera m'katoni. Kasitomala wina, mkulu woyeza malo amene ankasamuka m'tauni, anaika katoniyo patebulo n'kunena kuti, "Mwina mupezamo timawaya tothandiza." Munali helikopita yoseweretsa yophwanyikaphwanyika. Koma osati zidole za m'sitolo zija ayi. Iyi kutalika kwake inkandifika m'chiuno, inali ndi injini yeniyeni yonga chibakera, yomwa mafuta akeake onunkha ngati mankhwala a chifuwa. Munalinso rimoti yake, kabokosi kokhala ndi timitengo tiwiri tokankha ndi zala zazikulu.

Anaikonza zaka zinayi. Miyendo yake ndinawotcherera ndine, ndipo m'masiku amenewo anandiphunzitsa za m'mimba mwake, ndifune ndisafune. Muli kawailesi kolandira malamulo kuchokera ku rimoti, iwo amakatcha risiva. Risivayo imayendetsa timamota tisanu totembenuza mapiko ndi mchira. Zonsezi zimadya pa batire limodzi, timabatire tinayi tokulungidwa pamodzi m'pulasitiki wobiriwira, lomwe analipeza m'katoni momwemo. Injini imayendera mafuta, za batire siziikhudza.

"Mavolti asanu, alamu," ankatero akundionetsa mita yawo yakale ya kasingano. "Likakhala pa asanu, tili bwino."

"Mavoti asanu okha?" ndinkawayankha. "Simungawine nawo ngakhale umonitala wa kalasi."

Tinkaiulutsira pabwalo la kuseri kwa fakitale ya sopo yomwe inatsekedwa kale, Lamulungu masana. Miyezi yoyamba inkangodumphadumpha ngati nkhuku yomangidwa miyendo. Kenako inayamba kuima m'mwamba, phee, pamalo amodzi, udzu ukugona pansi pake. Tsiku limenelo ndinaona munthu wa imvi akuseka ngati wapenga, misozi ili mbwee. Anandiuza kuti moyo wawo wonse akhala akukonza zinthu za anthu ena zimene zimangokhala patebulo n'kumalankhula, koma ichi chokha ndi chimene chinanyamuka.

Achemwali ankaitcha "mkazi mnzanga". Alamu akachedwa kudya, ankanena kuti, "Asiyeni, lero ndi tsiku la kwa mkazi wamng'ono." Kubwalo sanapiteko ngakhale kamodzi.

Za manja ndinayamba kuziona chaka chimodzi ngozi isanachitike. Alamu anayamba kumandiitana kuti ndiwagwirire waya akamawotcherera tinthu ting'onoting'ono, chinthu chimene sanachitepo. Ankati magalasi atha mphamvu. Koma ine ndinkaona nsonga ya chowotchereracho ikuvina pamwamba pa waya. Akakhala chete, dzanja lamanja linkagwedezeka lokha pabondo, iwo n'kulibisa m'thumba. Mwana wawo wamkazi ndi namwino pachipatala chachikulu, ndipo anawafunsa kangapo. Ankamuyankha kuti ndi kuzizira. Mwezi wotentha womwewo, kuzizira.

Lamulungu la ngoziyo lisanafike, alamu anachita kuwachonderera achemwali sabata yathunthu. "Kamodzi kokha, mayi. Mukaone chimene chakhala chikundilanda kwa inu." Tsikulo achemwali anabwera atanyamula kampando ndi diresi la munthu loti apinde m'munsi, n'kukhala m'mphepete mwa bwalo pansi pa mtengo, kutali ndithu.

Alamu anagwada, anayeza batire monga mwa nthawi zonse. Kasingano kanaima pa asanu. Ulendo woyamba unayenda bwino, wachiwirinso. Achemwali anasiya kusoka, anaika dzanja pachipumi n'kumayang'ana kumwamba. Ndinawamva akuti, "Eee, koma kamauluka ndithu!" Mawu amenewo ndi amene anawapatsa alamu moto. Ulendo wachitatu anayamba kuonetsa luso: kukwera mwachangu, kutembenuka, kutsika, kutembenukanso, zala zili piringupiringu pa rimoti.

Kenako helikopita inapendekera kumanja, ndipo inakhala chipendekere. Injini inkalirabe mwamphamvu. Inayamba kudula bwalo cham'mbali, ikutsika, kulunjika kumtengo kuja.

"Mayi! Gonani pansi!" alamu anakuwa.

Achemwali anaimirira m'malo mogona. Anangokwanitsa kutchinga nkhope ndi mkono wamanja. Ndinamva phokoso ngati munthu wathyola thabwa pabondo, kenako zii. Pamene ndinkafika, diresi la mwini lija linali litafiira lonse. Phiko linawatema pansi pa chigongono mpaka fupa kuonekera. Ndinavula malaya n'kumanga mkonowo mwamphamvu, ndinathamangira kumsewu n'kuimitsa galimoto yogawa buledi. Alamu anali ataima pomwe paja, rimoti ili m'manja, akukankhabe kamtengo kumanzere.

Madokotala anasoka mitsempha maola atatu. Anati mkono upulumuka, koma za zala sangalonjeze. Titakhala pabenchi pakhonde la chipatala, namwino wathu uja anatuluka atavala yunifolomu yake, maso ali psu. Sanakhale pansi.

"Ababa, tambasulani manja."

"Mwanawe, pano pali anthu."

"Tambasulani manja, ababa."

Anatambasula. Lamanja linkagwedezeka ngati tsamba, lamanzere likutsatira pang'ono. Anthu a pabenchi anayang'ana kumbali.

"Munkadziwa," anatero. "Chaka chonse munkadziwa, koma munatenga chimpeni chouluka n'kuwaitana amayi kuti adzakhale patsogolo pake." Anatembenuka n'kubwerera mu wodi.

Kuyambira tsiku limenelo shopu sinatsegulidwe. Kuchipatala alamu ankapita m'mawa ndi masana omwe, atanyamula chakudya m'kabasiketi, koma ankathera pachipata. Ankandipatsa ine kabasiketiko kuti ndilowe nako, iwo n'kuzungulira kuseri kukaima pafupi ndi thanki ya madzi, pamene ankaona zenera la wodi. Achemwali akandifunsa kuti bambo ali kuti, ndinkanama kuti akubwera. Ndikatuluka, alamu ankandigwira mkono.

"Adya?"

"Adya pang'ono."

"Alamu, munaona zala zanga tsiku lija? Ndinakankhira kumanzere. Ndikukumbukira bwinobwino, ndinakankhira kumanzere."

"Ine ndinkayang'ana kumwamba."

"Koma mwina munaona pang'ono. Taganizani bwino."

Ankandifunsa zimenezi m'mawa, masana, pamsewu, m'basi. Sankadya. Ndevu zinamera, malaya anali omwe aja a Lamulungu. Tsiku lachitatu anabwera pamene ndinkadula chitsulo, anaima n'kumayang'ana chopukusira chikulavula moto. Nditazimitsa anaika manja onse awiri pa benchi langa.

"Dulani awa," anatero. "Sindikuseka. Mutu ukuti kumanzere, iwo akupita kumanja. Nanga ndiwasungirenji? Mawa ndidzagwira waya wamoto m'nyumba ya munthu n'kupha ana ake."

Ine mtima wanga unali utadzaza kale. Amene anagona mu wodi ndi mlongo wanga, amene anandilera mayi athu atamwalira. Ndinawauza kuti achotse manja awo pa benchi langa, ndipo ngati akufuna chifundo akachipemphe kwa mkazi wawo, osati kwa ine. Ndinanenanso zina zimene sindingazibwereze pano. Anachoka. Wometa tsitsi anandiuza kuti anawaona atakhala pansi pakhomo la shopu yawo yotseka mpaka dzuwa kupendeka, atapanira manja m'khwapa.

Tsiku lachisanu cha m'ma 10 koloko anabwera ndi thumba la simenti. Analikhuthula pabwalo langa: mchira wopindika, zidutswa za mapiko, injini yodzaza dothi, mawaya ali balala.

"Tengani hamala yaikulu ija. Ine sindingathe, ndiphonya."

Ndinaitenga ndi mtima wonse. Ndili pafupi kumenya, anati ndidikire, batire samenya ndi hamala, limaphulika. Analisolola m'zinyalalamo. Ndipo chifukwa dzanja la mmisiri silimva kuletsa, anatulutsa mita m'chikwama n'kuliyeza. Kasingano kanakwera n'kuima pa asanu. Anaseka kuseka koipa.

"Mwaona? Ngakhale lero lili bwino. Rimoti ndayeza kunyumba, ili bwino. Risiva ikuyaka. Palibe cholakwika apa, alamu. Chowonongeka ndine."

Sindikudziwa chimene chinandilankhulitsa, chifukwa sindinkafuna kuwatonthoza. Ndinangokumbukira kagalimoto kanga kakale.

"Nanga batire la galimoto yanga lija? Nyali zinkayaka, hutala inkalira, koma ndikati ndilize injini linkafa. Si inu munandiseka, mukuti batire limanama likakhala pansi, uliyeze likugwira ntchito?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kukamwa kuli yasa. Kenako anagwada pa simenti. Manja ankanjenjemera kwambiri moti pulagi anaiphonya katatu, ndinachita kuwalowetsera ndine. Tinalumikiza batire ku risiva, risiva ku timamota. Pa tisanu paja, tinayi tinali tamoyo. Mita anaisiya yolumikiza, anayatsa rimoti. Kanyali ka risiva kanayaka.

Anakankha kamtengo kamodzi pang'onopang'ono. Kamota kanalira, kasingano kanatsika pang'ono n'kubwerera.

"Gwirani timikono ta timamotati ndi zala," anatero, mawu akuuma. "Kanikizani. M'mwamba muja mphepo imalimbana ndi mapiko, timamota sitiyenda mwaulere chonchi."

Ndinakanikiza. Anavundula timitengo tonse tiwiri nthawi imodzi, monga ankachitira pamene ankaonetsa luso. Kasingano kanagwa ngati kakomoka: anayi, atatu ndi theka, atatu. Kanyali kanazima. Timamota tinauma pomwepo m'zala zanga, tonse titapendekera mbali imodzi. Alamu ankakankha kumanzere, kumanja, koma kunalibe choyankha. Ndinawerenga mumtima: imodzi, ziwiri, zitatu. Kanyali kanayakanso, kasingano kanabwerera pa asanu ngati palibe chachitika.

"Bwerezani," ananong'ona.

Tinabwereza. Tinabwereza mwina kakhumi, mpaka zala zanga zinachita dzanzi, ndipo ulendo uliwonse chinali chimodzimodzi. Anatenga lezala n'kung'amba pulasitiki wobiriwira uja. Timabatire titatu tinali toyera. Kachinayi kanali katatupa, kumutu kwake kuli ufa woyera ngati mchere. Kakakhala chete kankaonetsa mphamvu, koma timamota tikapempha chakudya tonse pamodzi kankagwada, risiva n'kukomoka kwa masekondi atatu. Helikopita yothamanga, m'masekondi atatu imadutsa bwalo lonse.

Alamu anakhala pansi pa simenti, miyendo tambalale. Ndinkayembekezera kuti asangalala. M'malo mwake anagwira mutu.

"Ndinakankhira kumanzere," anatero. "Manja anamvera." Kenako anapitiriza. "Koma batire la m'katoni, losadziwika zaka zake. Ndagula mapiko atsopano, ndagula mafuta, batire osaliganizira. Munthu wa zaka makumi atatu pa ntchito, kuyeza batire likugona! Ndimakalipira makasitomala pa chinthu chomwechi."

Mwadzidzidzi anadzuka n'kuyamba kulonga zonse m'jumbo. Nthawi yoona odwala inali itayandikira. Sanadikire basi, anayamba kuthamanga, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, jumbo ikumenya mwendo. Ndinatseka geti n'kuwatsatira.

Ulendo uno sanaime pachipata. Analowa mu wodi thukuta lili kamukamu, anadutsa mabedi onse mpaka pakona pamene panagona achemwali, mkono uli m'bandeji atautsamiritsa pa pilo. Sanapereke ngakhale moni. Anasuntha kapu ndi botolo la madzi pa kakabati, n'kuyamba kuyala mawaya.

"Mayi, taonani. Alamu, gwirani apa. Mayi, yang'anani kasingano aka. Pali asanu, eti? Tsopano taonani."

Kasingano kanagwa, kanyali kanazima. Odwala a mabedi oyandikana anadzutsa mitu. Achemwali sanayang'ane mita ngakhale pang'ono. Ankayang'ana ndevu za amuna awo ndi malaya akuda aja.

"Masiku asanu," anatero.

"Si manja, mayi, ndi batire. Koma kulakwa ndi kwanga ndithu, ndinayenera..."

"Masiku asanu ndikukuonani pa thanki apo ngati mlonda. Mukuganiza kuti zenerali limaona mbali imodzi? Ine ndagona pano, tsitsi osapesa, mpango akundimanga ndi anthu achilendo, msana ukuyabwa wondikanda palibe. Lero mwalowa, ndiye mwabwera ndi mavolti?"

"Ndimaopa nkhope yanu."

"Nkhope yanga ilipo, ndinaitchinga. Ndakufunsani ine kuti walakwa ndani? Chotsani zinyalalazi pamene ndimaika chakudya."

Alamu anayamba kulira, kulira kwenikweni kotulutsa mawu, atagwira chitsulo cha bedi. Mayi wina wa bedi loyandikana anakoka nsalu n'kudziphimba kumutu. Achemwali anawasiya alire kwa kanthawi, kenako anawaloza chipeso ndi dzanja lamanzere. Anawapesa. Chipeso chinkagwedezeka, chinkakola, achemwali ankati "Aaa, pang'onopang'ono, mukufuna mumalize ntchito?" koma sanawalande.

Namwino wathu anatipeza tili choncho. Ndinamufotokozera ine za batire, ndinamuonetsanso kotupa kaja. Anakatembenuza m'manja, anapuma mozama.

"Ndamva, amalume. Ababa, mawu aja ndinalankhula ndi mkwiyo, mundikhululukire. Koma batire lakelo silikuchotsa chimene ndinaona pabenchi paja. Lachinayi m'mawa mukaonana ndi dokotala wa mitsempha. Ndikutengani ndine."

"Ndipita," anatero, osatsutsa.

Dokotala anapeza chimene tonse tinkachiopa. Ndi matenda a mitsempha amene sachira, mapiritsi amangowachedwetsa. Alamu anamva, anafunsa funso limodzi lokha, lakuti atsala ndi zaka zingati zogwira chowotcherera. Dokotala anati sangadziwe.

Papita zaka ziwiri tsopano. Zala ziwiri za achemwali, chaching'ono ndi chinzake, zinauma chopindika. Makina amapalasa bwinobwino, koma sizasi yaikulu sangaigwire. Alamu anasiya kulandira mafoni ndi tinthu ta timawaya tosaoneka ndi maso, atawononga foni ya mphunzitsi wina n'kukhala masiku awiri osalankhula. Amakonza masimbi, maketulo ndi mbaula zamagetsi. Makina osokera tinawasamutsira kushopu, tinachita kuchotsa ma TV akufa khumi ndi awiri kuti apeze malo. Pakafunika kugwira waya kuti usagwedezeke, achemwali amagwira ndi dzanja lamanzere. Pakafunika kudula nsalu, amadula ndi alamu, chifukwa dzanja likagwira chinthu cholemera limakhazikika pang'ono. Amakangana kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, moti wometa tsitsi akuti wailesi sakuifunanso.

Helikopita sinaulukenso. Injini alamu anapatsa mphunzitsi wa pasukulu ya zaumisiri, zotsalazo ndinaponya pa mulu wa zitsulo zanga. Alamu anamusunga mphunzitsiyo ola lathunthu, kumuuza kuti aliyense wofuna kuulutsa chinthu chotere ayeze batire la risiva timamota tonse tikugwira ntchito, ayezenso pakati pa maulendo, ndipo batire losadziwika mbiri yake alitaye. Munthuyo ankangoyang'ana wotchi.

Masiku ena amakhala bwino, ena ayi. Pali m'mawa wina umene mabatani a malaya amawakanika, ndipo amafika kushopu nkhope ili yakugwa, osafuna kuyankhula ndi munthu. Sabata yatha anabwera kuseri kwanga masana, anakhala pa chitini cha utoto n'kumandionerera ndikuyeza chitseko.

"Alamu," anatero, "tinene kuti batire lija linali labwino. Mukuganiza kuti manjawa akanaitsitsa bwinobwino tsiku lija? Nanga Lamulungu lotsatira? Nanga linalo?"

Ndinaika tepi pansi. Ndinafuna kunena kuti inde, koma munthu ameneyu amadziwa ndikamanama.

"Sindikudziwa, alamu."

"Inenso," anatero.

Kenako mawu a achemwali anamveka kudzera pazenera la kuseri: "Bambo! Nsalu iyi idzidula yokha? Mwini wake akubwera 3 koloko!"

Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira khoma, napukuta manja pa thalauza. Posakhalitsa ndinawamva m'katimo akutsutsana, wina akuti mzere wa choko ndi wokhota, wina akuti wokhota ndi wodulayo.